Ndinkakondwera manambala akamakwera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mimba yanga yachitatu, imene inatsala pang'ono kunditengera kumanda uku ndikumwetulira.

Ndiyambe ndi achemwali anga, a Esinati. Iwo anagwa m'munda wa tiyi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, dengu lili kumsana. Ine ndinali mzere wachitatu kuchokera pamene anali. Anaphupha pansi, thovu lili kukamwa, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atatisiya kale, iwo ndi mwana yemwe. Pamaliro panalankhulidwa zambiri. Ena ankati analodzedwa, ena ankati magazi anawachepera, ndipo ine ndinagwira mawu achiwiriwo. Kwa zaka zinayi, akapitawo akatipatsa munda umenewo ndinkalambalala pamene anagwerapo, komabe ndinkamva tiyi akugwedezeka kumbuyo kwanga popanda mphepo.

Nditaima, mantha aja anakula. Ndinayamba msanga kupita kuchipatala kukayezetsa. Kumeneko amakumanga lamba pamkono, lambayo amafinya mpaka zala kuchita dzanzi, kenako makina amaonetsa manambala ndipo amawalemba m'buku lako. Ulendo woyamba nambala ya pamwamba inali 130, wachiwiri 142, wachitatu 150.

Musandiseke. Ife othyola tiyi moyo wathu uli pa sikelo. Dengu likakolekedwa, nambala ikakwera, ndiye kuti tsiku layenda bwino. Choncho nditaona manambala a m'buku akukwera ndinati basi, magazi akuchuluka, za achemwali sizindigwera. Anamwino anandiuza kuti ndibwerenso pakatha masiku atatu, anawonjezeranso mawu ena, koma mtima wanga unali kale kumunda. Inali nyengo ya mvula, tiyi akuphuka usiku umodzi wokha. Sindinabwerereko. Lachinayi, kumapemphero a amayi, ndinaimirira n'kuyamika Mulungu chifukwa cha 150.

Komatu mutu unkandiwawa ngati wina waumanga ndi waya. Mapazi anakana kulowa mu nsapato, m'maso munkadutsa tinyenyezi. Ndinkapemphera kuti Ambuye, musalole kuti ndigwe pakati pa tiyi ngati achemwali, ana anga akadali aang'ono.

Yankho linadzera mwa munthu amene sindinkamukonda ngakhale pang'ono, bambo Likoswe, kalaliki wa pa sikelo. Ankatibweza tikathyola masamba okhwima, ndipo kumbali tinkawanena chifukwa cha pakamwa pawo popotoka chidwalire sitiroko. M'chikwama mwawo ankayenda ndi kamakina kawokawo koyezera kuthamanga kwa magazi.

Tsiku limenelo, ndikukoleka dengu, anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali.

“Mayi, zalazi zatupa liti?”

“Ndi mimba, bambo. Yezani tiyi, anthu akudikira. Ine manambala anga akukwera bwinobwino kuchipatala.”

Anaika cholembera pansi. Anandikhazika pa thumba la tiyi, anthu onse akuona, n'kundimanga lamba uja. Makina anaonetsa 185. Anagwira pamkono panga ndi zala ziwiri kumvetsera kugunda kwa mtima.

“Iyi si sikelo ya tiyi, mayi. Kuno nambala ikakwera, munthu amafa.”

Anakana kuyeza dengu langa mpaka galimoto ya odwala itabwera. Ndinawalalatira, ndikuvomera, ndinawanena ngakhale za pakamwa paja. Ndinayamba kuphupha tikulowa pachipata cha chipatala chachikulu, ndipo zotsatira zake ndinachita kuuzidwa. Anandibaya jekeseni, anandichita opareshoni, anatulutsa kamwana kakakazi kochepa ngati botolo, koma kamoyo. Nditatsitsimuka ndinapeza makina akulira pambali pa bedi, akuwerenga kugunda kwa mtima wanga. Anamwino ankabwera ola lililonse ndi lamba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapempherera nambala kuti itsike.

Nditatuluka, ndinapita kukagwada kwa bambo Likoswe. Anangoti, “Tiyi wanu uja ndinamuyeza, mayi. Munalinso masamba okhwima.”

Koma pali chinthu chimene sichindichoka. Kunyumba ndinatsegula sutikesi ya achemwali, imene tinali tisanaigwire chimwalirire, ndipo pansi pa zitenje ndinapeza buku lawo la kuchipatala. Munalembedwa 135, 150, 168. Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira tsiku limene anandionetsa tsamba limenelo pobwera kumunda, akuseka, amvekere, “Taona, ngakhale kuchipatala ndikukuposa.” Ine ndinawaombera m'manja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosadziwa, n'kuyankha kudzera pakamwa pamene ndinkapanyoza. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze amene Iye angamutume. Amayi anzanga, akakumangani lamba pamkono, funsani tanthauzo la nambalayo, ndipo akati mubwerenso, tulani dengu mupite. Tiyi adzaphukanso.

Mwana uja tsopano akuyenda. Ndinamutcha Esinati, ndipo buku langa ndi la achemwali ndimawasunga pamodzi m'Baibulo, lina la amene anapulumuka, lina la amene ndinawaombera m'manja.