Njira Imene Tinkayenda Inali ya Njovu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, muli bwanji. Ine ndine mayi wamasiye wa ku Nsefu. Umboni wanga ukuyambira Lachiwiri lina m'nyengo ya mango, 6 koloko m'mawa. Amuna anga anakweza mwana wathu Esnart pa njinga kupita naye kusukulu. M'thengo la pakati pa mudzi wathu ndi sukulu anakumana ndi njovu ili ndi mwana. Iwo anamukankhira Esnart m'udzu, njovu inatsata iwowo. Kunyumba kunabwera njinga yopindika.

Maliro atatha ndinamuletsa Esnart sukulu. Anali giredi 6, wanzeru ndithu, koma ndinati bola akhale wosaphunzira ngati ine kusiyana ndi kuikanso wina m'manda. Yunifolomu yake ndinaibisa m'thumba pansi pa bedi. Mwanayo sanakangane nane. Ankangoima pakhomo kuyang'ana anzake akudutsa.

Kupemphera kunandikanika. M'mawa uliwonse ndinkakakhala pa chulu chachikulu, moyang'anana ndi pamene anafera amuna anga. Anthu ankati mutu wanga wasokonekera. Kwa Mulungu ndinali ndi mawu amodzi okha, akuti andionetse chifukwa chake.

Mvula itatha anandipeza pamenepo Mai Sakala, sikauti wa m'mudzi woyang'anira nyama zakuthengo. Masikauti sindinkawafuna n'komwe, ndinkati amasamala nyama kuposa anthu. Koma iwo sanandithamangitse. Anakhala pansi, nandifunsa zimene ndaona miyezi yonseyo. Ndinawauza kuti kukamacha njovu zimachoka cha kuminda kubwerera ku mtsinje wa Luangwa, zimaima pa mitengo ya mango ya pabwinja, kenako zimatsata njira yomwe ana amayenda.

"Amai, nanga njirayi anailambula ndani?" anandifunsa.

Ndinaganiza nthawi yaitali. Palibe munthu anailambulapo. Makolo athu anapeza udzu woponderezedwa kale ndi njovu, nayamba kuyendamo poti inali yachidule. Tonsefe tinkayenda m'njira ya eni ake. Pa chulu chija ndinalira, chifukwa yankho limene ndinkapempha linali m'maso mwanga tsiku lililonse.

Mai Sakala anandiperekeza ku msonkhano wa makolo kusukulu. Ndinaimirira. Ndinapempha kuti tilambule njira yatsopano m'mphepete mwa minda ya thonje, poyera pamene munthu amaona patali, ilumikize midzi itatu, sukulu ndi bwalo la mpira. Ena anaseka. Bambo wina anati njira yozungulira choncho itha matayala a njinga.

Ndinawayankha kuti, "Matayala amagulidwa ku Mfuwe, bambo. Amuna anga ndikawagula kuti?"

Oyamba kuimirira anali alamu anga, amene tinali tisanalankhulane chichitikireni maliro. Anati Loweruka abwera ndi chikwakwa chawo.

Ntchito inatenga Loweruka lambiri. Ena ankabwera, ena ankazemba. Tinatchetcha udzu, tinazula zitsa, tinaikulitsa kuti njinga ziwiri zizipatukirana, ndipo pa kamtsinje tinayala mitengo yolimba. Sindinama, alipo akuluakulu amene akathamangira amadutsabe yakale ija. Koma ana onse anasamukira ku yatsopano.

Yunifolomu ndinaipeza makoswe atadya kolala. Ndinaisoka. Esnart anabwereza giredi 6, ndipo tsiku loyamba ndinamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi.

Ndithokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuda. Inu amene mwakhala pa chulu chanu, anthu n'kumati mwapenga, musaleke kufunsa. Iye amamva ngakhale pemphero la mawu amodzi.

Masiku ano ndimadzuka 6 koloko isanakwane, ndimayenda patsogolo pa ana mpaka pa kamlatho, chikwakwa chili m'manja. Onse akawoloka, ndimapita kumunda.