Miyezi itatu osamuitana Fanuelo

Moni kwa inu Abusa ndi Amayi Busa, akulu a mpingo, amayi athu a zoyera kutsogolo kuno, achinyamata kumbuyoko, abale ndi alongo nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Aaa, ameneyo ndi Amen wa anthu osadya. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma mundipirire, chifukwa ine ndinazolowera kukuwa pa galaundi, osati kuyankhula pamalo ngati pano.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine bambo a Tadala, amene ndimawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Kawale. Ena mumangonditchula kuti Faifi, chifukwa zaka zisanu ndi zinayi ndavala jezi nambala faifi ya timu yathu ya muno, ndipo ndinali kaputeni. Amayi amene simuonera mpira, ndikufotokozereni pang'ono kuti tiyendere limodzi. Faifi amaima kumbuyo kwa anzake onse, kutsogolo kwa goloboyi, ndipo bwalo lonse amaliona. Ntchito yake theka ndi miyendo, theka ndi pakamwa. Amakuwa: "Siya!" "Yako!" "Kumbuyo kwako kuli munthu!" Akakuwa kuti "Tulukani!" onse akumbuyo amathamangira kutsogolo nthawi imodzi, mdani n'kutsala yekha pa ofusayidi. Mnzako amene waima pambali pako saona zakumbuyo kwake. Amadalira iwe kuti umuuze.

Chaka chatha timu yathu itakwera ligi, akochi anabwera ndi munthu wa ku Dedza, cha ku Linthipe uko, dzina lake Fanuelo. Wamtali, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, miyendo ngati nsungwi. Anamuona akusewera pa mpikisano wina wa kumudzi, n'kumusayinitsa. Ndipo nambala imene ankasewera kwawoko inali faifi. Faifi, abale, nambala yanga.

Akochi sanandibisire. Anatikhazika pa benchi tonse awiri n'kunena kuti, "Malo m'kaundula ndi owerengeka. Raundi yoyamba ino musewera limodzi, kaputeni pa faifi, Fanuelo pa nambala folo, kumanja kwake. Raundi ikatha, khadi losewerera la mmodzi wa inu ndichotsa." Ine ndinaseka, ndinati palibe vuto akochi. Koma m'katimu munawira.

Ndiye timu yathu ili ndi mwambo wake. Wosewera akachokera kutali, amafikira kwa kaputeni mpaka atapeza pokhala. Mwamva? Munthu wodzandilanda malo anadzagona pabalaza panga. Anabwera ndi kachikwama kamodzi ndi thumba la mbatata ya kachewere limene mayi ake anatitumizira. Sankanditchula dzina, ankangoti achimwene. M'mawa ine ndisanadzuke, iye wasesa kale pakhomo, wakatunga madzi ku kiyosiki. Lachisanu ankandichapira nsapato zanga za mpira ndi mswachi wakale, n'kuziyanika padenga. Mayi a Tadala, ali apowa, anamukonda ngati mlongo wawo weniweni. Ankati, "Bambo, Mulungu watipatsa mlendo wabwino." Ine n'kumati, eya.

Abale, Satana sakuuza kuti ukabe ng'ombe ayi. Ine sanandiuze kuti ndimumenye Fanuelo. Sanandiuze kuti ndimupitire kwa sing'anga, ngakhale mu mpira zimenezo zimachitika, achinyamata mukudziwa. Anangondinong'oneza kuti, "Khala chete." Basi. Khala chete.

Ndinakhala chete. Anzanga ena onse ndinkawaitana ndi mayina awo, koma iye ayi. Nthawi yotuluka ikakwana, ena aja tinazolowerana, ndinkangowakodola ndi dzanja, ife n'kutuluka. Fanuelo maso ali pa mpira, n'kutsala yekha kumbuyo, mdani n'kudutsa, chigoli. Munthu akamubwerera kumbuyo, ine ndikumuona bwinobwino, pakamwa tsekee. Gemu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Masapota anayamba kumunyoza: "Bwerera kwanu ukalime kachewere iwe! Akochi anakutola kuti ameneyu?" Ena a inu munalipo. Ena a inu munakuwa nawo, musaweramitse mitu, sinditchula mayina.

Tikabwerera kunyumba, tikuyenda wapansi kudutsa ku Biwi, ankandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ndikulakwitsa pati? Kwathu sindinkasewera chonchi." Ine n'kumuyankha kuti, "Uzolowera, mpira wa m'tauni ndi wina." Ndinkamuyankha choncho, abale, kenako tikakhala pa mphasa imodzi kudya, ine n'kupempherera chakudyacho. Lamulungu ndinkabwera muno, ndinkaimba besi mu kwaya ya abambo. Pakamwa pomwepa. Miyezi itatu.

Tsiku lina tinkasewera ku Area 23, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Adani anamenya kona. Mpira uli m'mwamba, ine ndinaona kuti ndi wanga, ndipo ndinaonanso Fanuelo akubwera ndi liwiro, maso ali kumwamba. Liwu limodzi lokha likanakwana. "Yanga!" Akanaima. Sindinanene. Tinalumpha tonse, mutu wangawu n'kumupeza pamwamba pa diso. Ndinamva kuti phwaa. Nditatera pansi, iye ali gone, magazi ali chuu, jezi yonse yafiira.

Tinamutengera kuchipatala pa galimoto ya sapota wina. Anamusoka. Anzathu atatuluka kukafuna madzi akumwa, tinatsala awiri pa benchi ya pakhonde, diso lake latupa, latsekeka. Ine ndinkayembekeza kuti andifunsa. Ndinali nditakonza kale bodza. Koma iye anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Achimwene, pepani. Sindinakumveni mukuitana."

Abale. Akupepesa ine.

Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Izi ndikunenazi wandilola yekha kuti ndinene. Anati, "Pali chimene sindinawauze akochi. Khutu langa lakumanzereli linatuluka mafinya ndili mwana, silimva bwino. Kwathu ndinkasewera faifi, woitana ndinali ine, ndiye palibe amene ankadziwa. Kuno inu mumaima mbali yomweyi. Ndikudziwa kuti mumandiitana, achimwene, ena onse mumawaitana, koma ine sindimva kanthu. Ndikuona ngati likutheratu. Mwina ndi linzakeli layamba. Chonde musawauze akochi. Akadziwa andichotsa, ndipo kumudzi anandiperekeza ndi nyimbo."

Miyezi itatu yonseyo, munthu ameneyu ankagona pabalaza panga akuopa kuti akugontha. Tchimo linali langa, koma ankalisenza iyeyo, n'kumaimba mlandu thupi lake.

Ndipo musaganize kuti ndinalapa pomwepo. Ayi, ndisakunamizeni pamaso pa Mulungu. Chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti, eya, ndapeza. Ndikangowauza akochi mawu awiri, khadi langa latsala. Sindikananama n'komwe, ndikanangonena zoona. Ndinayenda nawo maganizo amenewo masiku anayi. Kuntchito ndinawotcherera geti ya munthu mozondoka. Nsima ndinkaisiya m'mbale. Mayi a Tadala anandifunsa kuti, "Kodi bambo, wavulala ndi Fanuelo, nanga odwala mukukhala inu bwanji?"

Lachinayi m'mawa ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa njerwa, bandeji ili kumaso. Sanandione. Anali atatseka khutu labwino lija ndi chala, dzanja linali akukhwatchitsa zala pafupi ndi khutu lodwalalo. Kukhwatchitsa, n'kumvetsera. Kukhwatchitsa, n'kumvetsera. Akudziyeza yekha. Abale, pamenepo ndi pamene Mzimu anandigwira. Sindinaone masomphenya, sindinamve bingu. Ndinangoona munthu wamkulu akukhwatchitsa zala chifukwa cha ine.

Ndinagwada pa dothi pomwepo, mbali ya kumanja kwake kuti amve bwino. Ndinati, "Fanuelo, ine sindinakuitane. Ku 23 kuja sindinakuitane. Chibwerere iwe sindinakuitanepo ngakhale kamodzi. Ndinkafuna uoneke mbuli kuti akuchotse."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. Mumtima ndinati lero ndimenyedwa, ndipo ndikuyenera. Koma mukudziwa chimene anafunsa? Anati, "Ndiye kuti simunkaitana?" Ndinati ayi. "Ngakhale kamodzi?" Ndinati ngakhale kamodzi. Anati, "Ndiye kuti khutu langa silinaipe kuposa kale?" Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Ine kulira, iye kulira. Mayi a Tadala anatuluka ndi chikho m'manja, n'kupeza madifenda awiri akulira kuseri kwa nyumba.

Sanandikhululukire tsiku lomwelo, ndipo sindimuimba mlandu. Masiku atatu sanandiyankhule. Nsapato zanga ndinachapa ndekha Lachisanu limenelo. Lamulungu tikutuluka muno anandiyandikira pageti paja n'kuti, "Achimwene, zinandipweteka kwambiri. Koma ndilibe mkulu wina ku Lilongwe kuno. Tiyeni kunyumba."

Atachira kunali kutatsala magemu atatu kuti raundi ithe. Ndinapita kwa akochi, ndinawauza zimene ndinkachita. Za khutu sindinanene. Ndinangopempha kuti, "Tisinthane mbali, iye aziima kumanzere kwanga." Akochi anandiyang'ana n'kuti, "Ndimadabwa kuti kaputeni wanga pakamwa panauma liti." Analola.

Kuima kumanzere kwanga kunatanthauza kuti khutu lake labwino lili kwa ine. Ndiye ndinaitana, abale! Ndinaitana mpaka mawu kusasa. "Fanuelo, yako! Fanuelo, kumbuyo! Fanuelo, tuluka!" Ndipo munthu uja anasewera mpira umene sindinauonepo pa galaundi yathu. Ya m'mwamba yonse yake, ya pansi yonse yake. Magemu atatu, palibe anatimwetsa chigoli. Masapota omwe aja a kachewere anayamba kumunyamula pamapewa. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikamakuwa dzina lake, ndikudzifufuta ndekha m'kaundula. Koma ndikuuzeni zoona, m'zaka zonse zisanu ndi zinayi sindinasangalalepo ndi mpira ngati magemu atatu amenewo.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti Mulungu anachita chozizwitsa, akochi anatisunga tonse awiri. Ayi. Raundi itatha anandiitana pambali, anatulutsa khadi langa m'chikwama, lija lili ndi chithunzi changa ndikadali ndi tsitsi, n'kundipatsa m'manja. Anati, "Kaputeni, watigwirira ntchito." Jezi nambala faifi ndinakaichapa ndekha, ndinaisita, n'kumupatsa Fanuelo. Zinandiwawa, ndisaname. Mpaka lero Loweruka likafika, miyendoyi imayabwa.

Chozizwitsa chimene Mulungu anachita n'chakuti ndinamupatsa jeziyo mtima wanga uli mbee. Ine amene ndinkalephera kumuuza liwu limodzi. Nsanje imene inandimanga pakamwa miyezi itatu, Yesu anaichotsa, ndipo sinabwererenso. Aleluya!

Fanuelo anakawauza yekha akochi za khutu lake. Akochi anati, "Ine ndinasayinitsa difenda, sindinasayinitse khutu." Pano ali ndi kachipinda kake ku Kaliyeka, koma Lamulungu amadya kwathu.

Ndiye amene mumabwera ku galaundi mwakhala mukundiseka. Mumati Faifi mutu wasokonekera chichotsedwereni m'timu, chifukwa hafu taimu ikakwana, anthu onse ali pamthunzi, ine ndimanyamuka n'kuzungulira bwalo lonse kukaima tsidya linalo padzuwa, pakati pa masapota a adani. Lero mwadziwa chifukwa chake. Matimu akasinthana magolo, khutu lake labwino limapita mbali inayo. Ine ndimalitsatira. Ndili naye ngongole ya miyezi itatu ya kuitana imene ndinamumana, ndipo ndidzakuwa mpaka tsiku limene adzapachike nsapato.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye ndili woipa mtima. Ndikuthokoza mayi a Tadala amene anakonda mlendo pamene ine ndinkamuda. Zikomo Abusa pondipatsa mpata. Fanuelo, uli kuti? Ndi uyo pafupi ndi zenera. Imirira mng'ono wanga, usachite manyazi, akuone anthu. Chipsera chimene mukuchiona pamwamba pa disocho ndinamuika ndine, ndipo iye amanditchabe achimwene.

Mpingo wa Mulungu, ine ndekha sindingakwanitse kuthokoza. Imirirani mundithandize. Amayi, nthungululu zija zituluke. A ng'oma, gwirani ntchito. Ndipo inu a mbali ya kumanzere kwake, mukweze kwambiri kuposa anzanu, kuti lero amve mbali zonse ziwiri. Aleluya! Amen.