Kachewere wa a Mesitire ndi ng'ombe ya mayi Anjelina

Zaka zija galimoto za komputadori zitangoyamba kufika kuno ku Domwe, ine ndinali kale ndi ofisina yangayanga yokonzera galimoto, ndipo ndinkadzimva kuposa mmene mukudzimvera inu lero ndi makina anu oyezerawo. Taikani zitsulo pansi kaye, ana inu, galimotoyo sithawa.

Kunali mayi Anjelina, amasiye a ku Fonte Boa, amene anali ndi kagalimoto konyamulira kachewere kupita ku Kalomwe. Mapaipi a utsi otuluka pa motori atang'aluka, tinagula ena osakhala a mtundu wake, onyezimira ndithu, ndipo ndinawamanga ndi manja angawa. Koma sabata isanathe, kanyali kachikasu kochenjeza woyendetsa kanayaka, galimoto nkuyamba kumwa gazolina ngati mlendo pa ukwati. Atabwera nayo, makina anga oyezera anati sensori ikuchedwa kuyankha. Kwa iwe wabwera dzulowe, sensori ndi kachitsulo kamene kamanunkhiza utsi nkuuza motori mafuta oyenera. Ndinaitsuka, ndinayesa mawaya, koma ayi ndithu, mpaka ndinagamula kuti yafa, akagule ina ku Tete.

Mayi aja anagwira pakamwa. "Ndigulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo," anatero. "Yotsalayo ikoka bwanji yokha sindikudziwa, koma poti mwanena ndinu, bambo." Wogula anapangana nawo za Lachisanu.

Lachinayi masana anatulukira a Mesitire Zakaliya, amene anandiphunzitsa ntchitoyi ku mishoni, maso atachita kale nkhungu, akuyenda ndi ndodo. Ndisakunamizeni, mumtima ndinati tsobola wakale sawawa, za komputadori angazidziwire kuti?

Anamva nkhani yonse osadula mawu, kenako nkufunsa, "Musanasinthe mapaipi, kanyalika kankayaka?"

"Ayi, a Mesitire."

"Nanga bwanji ukuimba mlandu chimene sunachikhudze, nkusiya chimene unachikhudza? Liza motori. Mayi, tandipatsani kachewere mmodzi wamkulu."

Lero inu mukanathamangira pa telefoni kukafunsa, koma iwo anangotseka kukamwa kwa paipi ya utsi kumbuyo ndi kachewere uja, nkuuza mayi Anjelina kuti amukanikize ndi thabwa, eni ake nkupita kutsogolo, khutu pafupi ndi motori, maso ali chitsinzinire. Ndipo poti utsi unasowa kotulukira, tinamva kakuti tsii, tsii, kapansipansi. Anandiuza kuti ndizimitse, motori izizire, ndipake thovu la sabawu wochapira pamene mapaipi akumana ndi motori, ndipo titaliza kachiwiri thovulo linatupa pa malo amodzi. Junta, kachotsekera ka pakati paja, ndinali nditabwezera yakale yomwe chifukwa cha changu. Mpweya wa kunja unkalowera pamenepo nkusokoneza utsi, sensori nkumachedwa kuzindikira. Inali yamoyo bwinobwino. Wolakwa ndinali ine.

Manyazi anandigwira, ana inu, podziwa kuti mawa lake ng'ombe ya amasiye ikanapita chifukwa cha ulesi wanga. Ndinadikira kuti andinyoze pamaso pa mayi aja, poti akanatero sakanalakwa. Koma iwo anangopukuta manja nkunena kuti, "Mayi, mwana wangayu walipeza vuto. Kauzeni wogulayo kuti ng'ombe sikugulitsidwanso."

Ndinadzaulula ndekha kwa mayi Anjelina madzulo ake, nditamanga junta yatsopano, kanyali katazima. Anaseka nkunena kuti kachewere ujanso ndimubweze.

Amisiri ndawaona ambiri, ena mpaka a ku Tete, koma wa khutu ndi mtima ngati uja sindinamuonenso. Ndiye makinawo agwiritseni ntchito, ndi abwino, koma akakuuzani kuti chitsulo chalakwa, yambani mwafunsa kaye manja anu, chifukwa wolipira kulakwa kwathu amakhala mwini galimoto. Ndipo mukadzampeza mnzanu atalakwa, mudzam'konzere mmene anandikonzera a Mesitire, osam'vula pagulu. Ng'ombe ija inakoka ngolo mpaka kukalamba.