Mphini Zapachifuwa Zinatsala Pang'ono Kunditsekera Khomo la Usilikali

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga. Ine ndine Filesi, mwana wa mayi wothyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati. Ndikufuna ndikuuzeni momwe mnzanga wapamtima anatsala pang'ono kundilanda mwayi wophunzira uofesala wa usilikali, ndi momwe Mulungu anandibwezera mwayiwo.

Ndili khanda amayi ankandibereka pothyola tiyi, m'mame ndi m'chiperoni momwe. Ndinayamba kubanika, ndipo monga timachitira kwathu, anapita nane kwa munthu wodziwa mankhwala amene ananditema mphini pachifuwa. Kaya ndi mphinizo kaya ndi kukula, matendawo anatha ndisanayambe sukulu. Nkhaniyi ndinauza munthu mmodzi yekha, Mervis, mnzanga wa m'kwaya. Tinafunsira limodzi usilikali, ndipo m'mawa uliwonse tinkathamanga m'misewu ya m'minda ya tiyi, ine patsogolo, iye kumbuyo akudandaula kuti ndimupha.

Tsiku loyeza m'thupi tinkalowa atsikana angapo nthawi imodzi. Adokotala ataona mphini anafunsa kuti zinali za chiyani. Ndisanatsegule pakamwa, Mervis anayankha ali kumbuyo kwanga: "Ndi za mphumu zimenezo, adokotala. Mpaka pano amabanika, ine ndimamuona." Anayankhula mofatsa ngati akundichitira chifundo. Malo a atsikana anali ochepa, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Adokotala anandiuza kuti ndivale, ndikaime pambali.

Ndikutuluka, msilikali wina wamkazi anandiuza kuti njira ilipo. Gulu la madokotala limatha kupereka chilolezo chapadera kwa munthu amene matenda ake aubwana anatha, bola akayezedwe mapapo kuchipatala chachikulu ku Blantyre nthawi yolemba isanathe. Ndinamva, koma mtima unali utafa kale. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, abale. Chinandipweteka si kukanidwa ayi, koma kuti bodzalo linatuluka m'kamwa momwe tinkaimbira limodzi nyimbo za Mulungu. Ndinasiya kwaya, ndinasiya kuthamanga, ndipo mapemphero anga anali okalipa okhaokha.

Yankho linabwera pa lole yonyamula tiyi. A Che Jafali, dalaivala wachisilamu amene ankatidutsa m'mawa uliwonse, anandipeza ndikuchokera kumjigo ndipo anaima. "Mwanawe, wasiyiranji kuthamanga?" Nditawafotokozera anapukusa mutu. "Mphumu yake iti? Pachitunda paja lole yangayi imatha mpweya, iwe nkumandipitirira. Mawa ndikupita ku Limbe, ukwera."

Anakanditula pakhomo pa chipatala penipeni. Kumeneko anandithamangitsa pamakina, nkundiuza kuti ndipumire m'kapaipi mpaka maso kufiira. Dokotala wamkulu atafika pa mphini zija ndinaganiza kuti andikananso. Iwo anangomasula batani la malaya awo nkundionetsa pachifuwa. "Zanga ndi izi, amayi anga ndi a ku Thekerani. Mphini sizipuma, mwana wanga, amapuma ndi mapapo, ndipo akowa ali bwino." Ndinalira pomwepo ngati mwana. Gulu la madokotala litaona zotsatirazo linapereka chilolezo, ndipo ndinaitanidwa.

Nditafika kusukulu ya usilikali ndinapeza kuti Mervis nayenso anatengedwa, ndipo anatiika chipinda chimodzi. Ndiye kuti malo analipo a tonse awiri, bodza lija analinena pachabe. Mpaka lero sanandipepese. Anangoti, "Amwali, ine ndinkangokuderani nkhawa."

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu wa chipembedzo china kudzandinyamula pamene wa mpingo wanga anandigwetsa. Inu amene akukanani chifukwa cha matenda akale, musabise kanthu, komanso musapite kukagona. Funsani ngati pali chilolezo, kayezetseni, gogodani mpaka atsegule.

Koma mundipempherere, chifukwa nkhondo yanga sinathe. Kuno amatiphunzitsa kuti mnzako akagwa umunyamule pamsana, ndipo sabata yatha anandipatsa Mervis kuti ndimunyamule. Ndinamunyamula mpaka kumapeto, koma mumtima sindinamukhululukirebe.