Bulangete la M'pepala

Basi inali itachedwanso monga mwa khalidwe lake lonyansa. Pa benchi panakhala mayi atakumbatira bulangete latsopano, likadali m'pepala lake, ndi bambo wina wonunkha mowa.

"Mukugulitsa limeneli, mayi?"

"Ndikupita nalo kuchipatala. Amuna anga akudandaula kuzizira."

"Latsopano chonchi? Akakuberani kumeneko."

"Latsopano chiyani? Tinaligula mwana woyamba ali kumsana. Tinapangana kuti tidzalifunda tikadzalowa m'nyumba yathuyathu. Nyumbayo inaimira pa mawindo, mwana uja ali ndi ana akeake. Ife kumangofunda chigamba, bulangete lili pamwamba pa kabati ngati mlendo wolemekezeka."

"Mukanachita ngati ine, mlongo wanga. Ine chilichonse ndinkadya tsiku lomwelo. Suti, nyama, magule, akazi ankandiitana bwana."

"Nanga lero mukupita kuti, abwana?"

"Kwa mwana wanga, kukapempha pogona. Foni yanga sayankha."

"Ndiye musandiphunzitse. Inu munadya zonse, ife sitinalawe n'komwe, koma tonse takhala pa benchi imodzi."

"Komabe inu muli ndi bulangete."

"Lindithandize chiyani? Dzulo adokotala anandiitanira pambali, akuti ndiuze achibale. Munthu uja anandipemphapo kuti tilifunde chaka china kukuzizira, ine ndinamukalipira. Ndikungofuna amuna anga akalifunde akadali moyo."

"Basi ibwera, mayi."

"Ibwere msanga. Ikachedwa, pepalali akaling'amba ndi anthu osambitsa maliro."