Auzeni Aleke Kuitana Bertha

Ine, Hilda Nkhwazi, wa zaka 24, wochokera m'mudzi mwa Chimkoka m'boma la Dedza, mayi wapakhomo, tsopano wokhala ku Etobicoke m'dziko la Canada, ndikunena izi. Ndalemba m'Chichewa kuti zifulumire, amuna anga a Medson akumasulirani.

Lero Loweruka, pa 8 Okutobala 1977, tinabwera pa basi ndi anzathu akutchalitchi kudzaona minda ya mphesa ku Beamsville. Ndinali ndi khanda kumsana komanso mwana wanga Bertha, wa zaka zisanu. Wavala juzi yofiira ndi nsapato zakuda.

Titadya masana, azibambo analowa m'nyumba yosungiramo vinyo kukalawa. Ine sindimwa. Ndinatenga ana nkutsata kanjira kokwera kuphiri, kamene mitengo yake anaipaka penti yoyera. Kumapeto kwa mizere ya mphesa tinapeza manda. Ziliza zochepa, zakale, zina zakugwa. Kwathu manda amakhala m'mitengo, sakhala poyera chonchi, ndiye ndinazindikira titafika kale.

Ndikutembenuka, mawu a mzimayi anaitana kuchokera kuseri kwa ziliza: "Bertha! Bertha!" Munthu sindinamuone. Pamundapo sindinauze aliyense dzina la mwana wanga. Bertha anayamba kuti "Wee," ine ndinamutseka pakamwa. Ndinati, "Iwe, woitana wosaoneka sitimuyankha. Ukamvanso ubisale, ukhale chete mpaka undione ineyo."

Anati, "Ngakhale adadi?"

Ndinati, "Ngakhale adadi, ngakhale ine. Mawu amabwereka."

Tikutsika, khanda linadziipitsira. Ndinagwada kulisintha thewera. Pomwepo chinalira chinthu ngati mfuti, mbalame nkubalalika. Nditadzutsa mutu, Bertha panalibe. Ndinaitana. Zii. Mizere yonse ndi yofanana, masamba ake ndi othithikana, mwana akagona pansi simungamuone.

Mwini munda anauza a Medson kuti mfutiyo ndi yoopsezera mbalame, imalira yokha. Anatinso Bertha ndi dzina la galu wawo, woitana uja anali mkazi wake. Galuyo ine sindinamuone. Mkaziyo sindinamuonenso.

A Medson anandifunsa kuti, "Amake Bertha, mwamuuza chiyani mwanayu?" Ndinawauza. Anangokhala pansi pa udzu.

Kenako apolisi munafika nkunena kuti ndibwere kuno kupolisi ndi khanda chifukwa kunja kukuzizira. Pamene ndimakwera galimoto yanu, anthu anali atabalalika m'munda monse, wina ndi chimkuzamawu, onse akukuwa dzina la Bertha m'mizere mosaonekamo munthu. Ena amakuwira kumanda komweko.

Chonde, bwana, auzeni aleke. Mwana wanga ndi womvera. Akamaitana, iye akubisala. Sali kutali ayi, akuwamva onsewo. Ndibwezereni kumunda dzuwa likadalipo, ndiyende mzere ndi mzere mosaitana, andione nkhope. Kukada sandionanso.

Ndi zomwe ndikudziwa, zina ndilibe.

Hilda Nkhwazi (Mayi)