Bulosi pa Bulauzi Yoyera

Pa renki ya matekisi ku Bapong, Linnet anaima pamzere pansi pa mtengo wa mabulosi, ali pa ulendo wokayamba ntchito m'sitolo ina ku Rustenburg. Mwadzidzidzi bulosi lakupsa linamugwera pa bulauzi yake yoyera, phwa!

"Mayo ine! Anabzala chimtengo chimenechi pano ndi ndani?"

"Mbalame, mwanangu," anayankha bambo wina wachikulire kumbuyo kwake, m'Chinyanja cha ku Tete. "Zimadya mabulosi kwina n'kudzachita chimbudzi pano. Njere ikangogwera pa chinyontho, basi, mtengo wamera."

"Ndiye abwana ndikawauze za mbalame? Lero ndi tsiku langa loyamba, bambo. Akandibweza pakhomo."

"Thyola laliwisi, lobiriwiralo, utikite pamene pathimbirirapo."

"Ndiwonjezere bulosi pa bulosi? Mukufuna kundimaliza inu."

"Ine ndi mtengowu tinadziwana kalekale. Ndinaupeza ukundilekeza m'chiuno, mbuzi zikuubudula masamba. Eni malo anaudulapo, koma mvula itagwa unaphukanso, ndipo mizu yake yang'amba kale simenti mwapondayo. Tikita, mwanangu, tekisi ikubwera."

"Eee, zikuchokadi! Kwangotsala kakang'ono apa."

"Pamenepo ubise ndi lamba wa chikwama."

"Zikomo kwambiri, bambo. Nanga inuyo, malaya anu ali mathothomathotho chonchi, osatikita bwanji?"

"Iii, amenewa asiye! Mayi a kunyumba akaona mathothowa ndi pamene amakhulupirira kuti ndinachedwadi pa renki, osati ku shabini."